PA BENCHI LANGA: Wodwazika matenda naye ndi munthu, tiyeni timupumitse

 Sabata ino ndimafuna ndikambe za ngalande ya kuseri kwa mabenchi a nsomba yomwe yatsekekanso, ndi za eni malole amene akweza mtengo wonyamulira madengu. Koma zimenezo ziyambe zadikira. Pali nkhani ina yomwe yandikhala pakhosi, ndipo ndikapanda kuilavula lero indidwalitsa.

Moyang'anana ndi benchi langa pali benchi la mayi wina wa tomato ndi anyezi. Dzina sinditchula, a mzere wathu mwamudziwa kale. Ndi mayi uja amafika geti la msika lisanatsegulidwe, uja akati "tomato wa lero uyu!" mawu ake amakamveka mpaka ku siteji ya maminibasi. Lero akwana masabata asanu benchi lake lili chivundikirire ndi ziguduli, pamwamba atapsinjapo ndi njerwa ziwiri. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Bambo a kunyumba kwake ali gone, khansa ya kummero. Achipatala adayesetsa mbali yawo, kenako adaitanira mayiyo pambali nkumuuza chilungamo, kuti matendawa afika posachizika, chatsala nkuwasamalira kunyumba ndi kuwachepetsera ululu.

M'mawa uliwonse mumsika muno timafunsana kuti, "Kodi bambo aja adzuka bwanji?" Funso labwino ndithu. Koma masabata asanu onsewa sindidamve munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine amene, akufunsa kuti, "Nanga mayi aja adzuka bwanji?"

Lamulungu lapitali nditaweruka kutchalitchi ndidati ndikazonde matenda. Ndidanyamula paketi ya shuga ndi kamulu ka usipa, monga timachitira tonse. Ndidamupeza kuseri akuchapa mabulangete m'beseni. Abale inu, munthu wa thupi uja watha. Chitenje chomwe chinkakana kukumana m'chiuno pano chikuzungulira kawiri. Maso ali psuu ngati wakhalira utsi wa nkhuni zaziwisi. Tidakhala pakhonde, ine nkuyamba kumufotokozera za mumsika, kuti anyezi wakwera, kuti uje wakwatiwa. Ndili mkati molankhula ndidangoona mutu wake ukugwera pachifuwa. Wagona munthu, thovu la sopo likadali m'manja. Sipadapite mphindi zitatu, m'nyumba mudamveka kubuula. Iye dzambatu, liwiro la m'nyumba.

Atatuluka ndidamufunsa kuti tulo teniteni adatilawa liti. Adangoseka.

"Achimwene, tulo ndi ta anzathu. Ine ndimangotsinzina. Akafuna kutembenuka ndine, akafuna kutaya madzi ndine, mankhwala a pakati pa usiku ndine. Kukacha ndichape, nditunge madzi, ndiphike phala loti mwina alawa masipuni awiri."

"Nanga achibale sabwera?"

"Amabwera, alekerenji? Dzulo lomweli kunali anthu khumi ochokera kwawo kwa bambowa. Analowa, anapemphera, anati pepani. Ine ndinawaphikira nsima. Atapita ndinatsuka mbale."

Sadanene modandaula ayi, adangonena ngati akufotokoza mtengo wa tomato. Ine ndidabwerera kunyumba shuga wanga uja akundichititsa manyazi. Akuluakulu adanena kale kuti pepani sapoletsa chilonda. Ife timapita kukazonda matenda tili m'zovala za kutchalitchi, tikhala ola limodzi, tidya, titsanzika, nkusiya wodwazika ali ndi ntchito yochuluka kuposa m'mene tinamupezera.

Musaganize kuti ndikuloza anzanga chala. Mlandu umenewu ndili nawo ine, ndipo ndi waukulu. Lekani ndiulule.

Zaka zingapo zapitazo amayi anga ondibereka adachoka kumudzi kubwera m'tauni muno kudzaonana ndi madokotala. Adapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, koma itapita kale patali. Matenda amenewa akutha azimayi ambiri m'dziko muno, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa imeneyi yafala kwambiri padziko lonse. N'chifukwa chake ndimati amayi mukamva zoyezetsa musamachite ulesi, ndipo atsikana anu alandire katemera uja adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019. Amayi anga mwayi umenewo udawadutsa.

Tilipo ana asanu, amuna anayi, wamkazi mmodzi. Sitidakhale pansi nkukambirana kuti amayi akakhala kwa yani. Zidangodziwika zokha kuti apita kwa mlongo wathu, poti ndiye wamkazi. Iye ankagulitsa kaunjika wa ana, ankakhala nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi ana ake atatu, bambo wa anawo adapita kalekale osatsanzika. Ife amuna tidatsegula gulu pa WhatsApp. Achimwene a ku Johannesburg ankatumiza ndalama, a ku Lilongwe ankatumiza ndalama, ine nkumapita Lamulungu ndi botolo la Sobo ndi mabanzi. Munthu akandifunsa ndinkayankha mwaulemu kuti mwana wamwamuna sasambitsa mayi ake, mwambo sulola. Zoona, mwambo sulola. Koma ndi mwambo uti udandiletsa kutunga madzi? Ndi mwambo uti udandiletsa kuchapa bulangete, kapena kukhala pampando usiku umodzi kuti mlongo wanga agone?

Miyezi isanu ndi itatu adadwazika yekha. M'mawa wina adagwa pa mpope, ndowa ili pamutu. Adamutengera kuchipatala, BP itakwera zoopsa, nkumugoneka masiku atatu. Apo mpamene ine ndi mayi a kunyumba kwanga tidalowa m'nyumba muja kukagona. Usiku utatu wokha, abale, koma tsiku lachitatu ndidapatsa kasitomala chenji kawiri ndipo ndidatsala pang'ono kugundidwa ndi kabaza powoloka msewu. Ine bambo wamphamvu zanga, usiku utatu. Mlongo wanga adachita zimenezo miyezi isanu ndi itatu.

Chomwe sichindichoka m'mutu ndi ichi. Usiku wachiwiri, cha m'ma 2 koloko, amayi adandigwira dzanja nkunena motsitsa kuti, "Mwana wanga uja ndamupha ndine. Bwenzi nditangopita msanga kuti apume." Munthu ali pa ululu wotero, koma chomwe chinkamupweteka kwambiri nkuona mwana wake akutha chifukwa cha iye. Tikamasiya wodwazika yekha timaganiza kuti tikulakwira iye yekhayo. Wodwalanso amaona, amawerenga, ndipo amanyamula katundu ameneyo mumtima mpaka tsiku lake lomaliza.

Amayi adatisiya patatha mwezi. Maliro ake mukadaona! Malole awiri, makwaya atatu, nkhata zamaluwa mpaka kusowa poika. Achimwene a ku Joni adafika pa ndege. Bokosi tidagula lonyezimira, la zogwirira zagolide. Anthu adagona pa siwa mausiku awiri osadandaula, ena mwa iwo anthu omwe miyezi yonse ija sadapezeko usiku umodzi. Ndipo poti pakamwa sipalipira msonkho, azakhali ena posambitsa thupi ataona zilonda za kumsana adayamba kunong'ona kuti mwanayu sankawasamala bwino mayi ake. Mlongo wanga adamva. Mpaka lero sadawayankhe.

Titabwerako kumudzi mpamene tidadziwa zina zonse. Mpamba wa kaunjika udathera ku sopo, makala, matewera ndi thiransipoti ya kuchipatala. Malo ake mumsika adapatsidwa wina poti adakhala nthawi yaitali osadula chiphaso. Anali ndi ngongole ya katapila yomwe sadauze munthu. Mwana wake wamkazi woyamba adajomba teremu yathunthu kusukulu kuti azithandiza kuchapa. Tidaika maliro amodzi, koma m'nyumba muja mudagwa zinthu zambiri.

Ndiye ndikufunsa, ife Amalawi, bwanji maliro timawathamangira koma matenda timawathawa? Munthu akamwalira m'mawa, pofika masana kope la chipepeso lazungulira msika wonse, benchi lililonse laponya kangachepe. Atcheyamani alengeza, galimoto yapezeka, ena atseka malonda tsiku lathunthu. Andale nawo, makamaka chisankho chikayandikira, amatulukira ndi envulopu nkupempha kuti alankhulepo. Zonsezi nzabwino, maliro nkulirana. Koma womwalirayo samva kukoma kwa bokosi. Tulo ta usiku umodzi tikadapatsa wodwazika pamene wodwala anali moyo, onse awiri akadatimva kukoma.

Anzathu a maiko ena nkhani imeneyi adaiona kale ndipo adaipatsa dzina, amati respite care, kutanthauza kupumitsa munthu amene akudwazika. Ku London, mayi wina dzina lake Cicely Saunders, yemwe adayamba ngati namwino nkudzakhala dokotala, adatsegula nyumba yosamalira odwala amene atsala pang'ono kutisiya mu 1967, yotchedwa St Christopher's. Mfundo yake inali yakuti madokotala akalephera kuchiza, ntchito sinathe: ululu uchepetsedwe, ndipo banja la wodwalayo lisamalidwe pamodzi naye. Ku America, ndondomeko ya boma yolipirira chithandizo cha okalamba imalola kuti wodwala wotere agonekedwe kumalo osamalirako odwala mpaka masiku asanu otsatizana, popanda chifukwa china koma choti womudwazika kunyumba apume. Ndipo taonani zodabwitsa: ana athu ena amene ali ku Britain ntchito yawo ndi yomweyi, kutembenuza ndi kusambitsa nkhalamba za eni dziko, mosinthana mashifiti, nkulandira malipiro. Kuno mayi wa tomato shifiti yake ilibe poweruka.

Sindikunena kuti kwathu kuno kulibe kalikonse. Amene tidaona zaka za m'ma 1990 tikukumbuka m'mene Edzi idadzazira zipatala, odwala ena pabedi ena pansi. Nthawi imeneyo mipingo ndi mabungwe adayambitsa magulu a Home Based Care, anthu ongodzipereka oyenda khomo ndi khomo, ena pa njinga, kusambitsa odwala, kusesa, kutunga madzi. Mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere, anthu ambiri adadzuka pamphasa nkubwerera kumalonda awo, tithokoze Mulungu. Koma magulu ambiri aja adazilala, ngati kuti matenda amgonagona adathera pomwepo. Chonsecho khansa ilipo, sitiroko ilipo, shuga, impso, mtima, ndi ukalamba womwe.

Chithandizo chochepetsa ululu kwa odwala osachizika, chomwe achipatala amati palliative care, chilipo m'dziko muno. Ku Queens mu Blantyre kuli kiliniki ya Tiyanjane yomwe idayamba mu 2003, ndi ya Umodzi yoona ana. Ku Salima kuli Ndi Moyo, yomwe adayambitsa namwino Lucy Finch nkutsegulidwa mu 2007. Bungwe loyang'anira ntchitoyi, la PACAM, lidakhazikitsidwa mu 2005, ndipo mu 2014 boma lidatulutsa ndondomeko yake ya chithandizo chimenechi. Zipatala zambiri za m'maboma ndi za mishoni zili ndi anamwino amene adaphunzira ntchitoyi. Ngati muli ndi wodwala wotere, funsani pachipatala chanu kuti kiliniki imeneyi imakhala tsiku liti. Musachite manyazi, ndi ufulu wanu. Kumeneko nkomwe kumapezeka mofini wamadzi, mankhwala a ululu waukulu omwe munthu amamwa ali kunyumba. Njira yotsika mtengo yosungunulira mankhwalawa adaifalitsa mu Africa muno ndi dokotala Anne Merriman, amene adayambitsa ntchitoyi ku Uganda mu 1993.

Koma tinene zoona. Namwino akupatsani mankhwala ndi malangizo, mwina adzakuyenderani kunyumba. Sangabwere kudzagona pampando kuti inu mugone. Ngakhale wodwala agonekedwe m'chipatala, gadiyani ndinu nomwe: kuphika ndinu, kusambitsa ndinu, kugona pasimenti ndinu. Nyumba zoti nkusiyako wodwala masiku asanu ife a mumsika sitingazidikire. Ndiye atipumitse ndani? Yankho lake lili pa mabenchi pomwe pano. Mutu umodzi susenza denga.

Ife amalonda chipereganyu timachidziwa. Banki m'khonde timaidziwa. Timadziwa kulemba maina m'kope, kuti sabata ino alandira uje, yamawa uje, ndipo wojomba timamudziwa. Ndiye chingatikanike nchiyani kuchita chipereganyu cha tulo? Lolemba ndidakambirana ndi anzanga a mzere wa nsomba ndi wa tomato, ndipo tagula kope la masamba 40. Tagawa ntchito patatu.

Tsamba loyamba ndi la ogona. Anthu awiriawiri, usiku umodzi. Wodwala akakhala wamwamuna apite abambo, akakhala wamkazi apite amayi, kuti nkhani ya mwambo ija isakhalenso pobisalira. Tikapezeka anthu 20, nkumapita kawiri pa sabata, aliyense agona kunja kwa nyumba yake usiku umodzi m'masabata asanu. Usiku umodzi! Ena a ife timagona kunja koposa pamenepo pa zifukwa zomwe sindingalembe m'nyuzi ya banja.

Tsamba lachiwiri ndi la benchi. Malo a mnzathu asafe. Woyandikana naye amuoderako dengu limodzi popita kukapikula, amugulitsire, madzulo ndalama ilembedwe ndi mboni nkukaperekedwa. Chiphaso cha tsiku chidulidwe m'dzina lake kuti pasapezeke wonena kuti malowa alibe mwini. A komiti ya msika, tikupempha kuti lamulo limeneli lilembedwe: malo a munthu amene akudwazika asagawidwe. A banki m'khonde, thumba lija timasonkha la mavuto lisamadikire imfa yokha, ndipo wodwazika muyambe mwamuimitsira chiwongoladzanja mpaka atabwerera pa benchi.

Tsamba lachitatu ndi la ntchito za masana, za iwo amene sangathe kugona kunja, monga amayi a ana aang'ono. Kuchapa, kutunga madzi, kupita kuchigayo, kukatenga mankhwala kuchipatala, kutenga ana a m'nyumbamo akadye ndi anu Loweruka. Wa makala aponye kathumba, wa sopo aponye kamtanda.

Tsopano inu amene mulembetse kugona, imvani izi, ndidaziphunzira mochedwa kwa anamwino ndi kwa mlongo wanga. Fikani kusanade, mutadya kale, kapena mutanyamula chakudya chanu ndi cha eni nyumba. Simukupita kukakhala mlendo. Wodwazika akuonetseni mankhwala onse ndi nthawi zake, mulembe. Mofini wamadzi kawirikawiri amamwedwa maola anayi aliwonse, ndipo amatsata wotchi, osadikira kuti wodwala ayambe wakuwa. Mlingo wake ndi womwe adanena achipatala, musaonjezere, musachepetse, ndipo botolo likhale patali ndi ana. Pali mphekesera yakuti mankhwalawa amafulumizitsa imfa. Akamwedwa monga adalangizira achipatala sapha munthu, amangomuchotsera ululu kuti agone ndi kucheza ndi abale ake. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, ndiye zikatero auzeni anamwino.

Munthu amene sangathe kudzitembenuza mutembenuzeni pakatha maola awiri aliwonse. Zilonda zija azakhali ankanong'ona zimabwera chifukwa chogonera mbali imodzi nthawi yaitali, makamaka m'chiuno, kumsana, ku zidendene ndi m'zigongono, ndipo munthu mmodzi wotopa sangathe kudzuka usiku wonse kutembenuza munthu wamkulu. Pogona pakhale pouma, nsalu isakhale ndi makwinya, pansi pake muyale pulasitiki. Pogwira magazi kapena zoipa valani magolovesi, akasowa jumbo yosabooka imagwira ntchito, mukatha sambani ndi sopo.

Chakudya musakakamize. Ife timakhulupirira kuti chikondi ndi nsima, ndiye wodwala akakana timamukalipira ngati mwana. Munthu akayandikira kumapeto thupi lake limasiya kufuna chakudya, si mwano ayi. Mpatseni pang'onopang'ono ndi sipuni, atakhala tsonga, ngati akufuna. Ngati kumeza kukukanika musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Nyowetsani kansalu koyera muzimupukuta milomo ndi m'kamwa, pa milomo mupakepo Vaseline. Mulankhuleni ngakhale asakuyankheni, poti achipatala amati makutu amachedwa kutseka. Pachifukwa chomwecho nkhani za nyumba, za munda ndi za amene adzatenge wailesi musakambire pamutu pake.

Wodwazika akagone kwina, kwa neba kapena kwa mnzake, chifukwa akagona chipinda chomwecho kubuula koyamba adzuka. Mantha ake aakulu ndi akuti mwina zichitika iye kulibe. Mulonjezeni kuti kapumidwe kakasintha mudzamudzutsa nthawi yomweyo, ndipo lonjezo limenelo mulisunge.

Chomaliza, ndipo apa ndikweza mawu poti msika ndimaudziwa: zomwe mwaona m'nyumba ya mnzanu zitsale komweko. Kuti bambo aja atha bwanji, kuti m'nyumba mulibe mpando, kuti bulangete ndi long'ambika, zimenezo si ndiwo zodyera nsima pa benchi. Wolongolola timuchotsa m'kope. Anthu ambiri amakana thandizo chifukwa choopa pakamwa pathu.

Ndikudziwa ena mukuti, "Nanga akakathera m'manja mwanga, abale ake sadzati ndamumaliza ndine?" Mantha amenewa ndi enieni, dziko lathu timalidziwa. N'chifukwa chake tikuti awiriawiri, ndipo tisanayambe tikhale pansi ndi eni mbumba a mbali zonse ziwiri, avomereze pamaso pa atcheyamani kapena akulu a mpingo. Wodwala mwini wake, ngati akutha kulankhula, afunsidwe kuti akufuna ndani ndipo sakufuna ndani. Thupi ndi lake. Wachibale amene akana kuti anthu a mumsika asalowe, ayi zikomo, tampatsa kope alembe dzina lake pa usiku umenewo.

Inu achimwene a ku Joni, a ku Cape Town, a ku Britain, ndalama zanu tikuzilandira ndipo zikuthandiza, musasiye. Koma poimba foni musamangofunsa za wodwala ndi malisiti. Funsani mlongo wanu kuti wadya chiyani, wagona maola angati. Pa ndalama mukutumizazo patulani ina yoti alipire munthu wochapa, ina yoti asunge ya mpamba. Ndipo ngati tchuthi chilipo chimodzi chokha, ganizani bwino: kubwera kudzagona sabata imodzi pambali pa mayi anu akadali moyo, kapena kubwera kudzanyamula bokosi.

Inu a mipingo ndi a mizikiti, amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi magulu ena onse, ntchito yoyendera odwala mumaigwira kale ndipo tikukuthokozani. Pempho langa nlakuti pa anthu khumi obwera kudzaimba, awiri atsale. Enawo akamapita, awiriwo auze mayi wa m'nyumba kuti, "Pitani mukasambe, mukagone, tilipo." Abambo a mumpingo, inunso muli ndi manja.

Ndipo iwe mnzanga amene ukudwazika, amene mwina nyuzi ino wakulungiramo sopo nkuiwerenga usiku pa kandulo, tamvera. Kutopa si tchimo. Tsiku lina umapsa mtima nkumukalipira wodwala, kenako nkukalira kuseri kwa bafa. Tsiku lina maganizo amakufikira akuti bwenzi zitangotha, nkudziona ngati mfiti. Suli mfiti, watopa. Mlongo wanga adandiuza kuti maganizo amenewo adamufikira kangapo, ndipo palibe mwana amene ankakonda amayi kuposa iye. Munthu akakuuza kuti ndikugwirire usiku uno, usayankhe kuti "ayi zikomo, ndili bwino" pamene miyendo ikunjenjemera. Ngati uli pa mankhwala ako, a BP, a shuga, ma ARV, usadumphitse, ndipo tsiku lako la kuchipatala likafika pempha munthu akhale ndi wodwala. Ukagwa iwe agwa anthu awiri, ndi ana omwe.

Lachitatu usiku tidayamba. Ndidapita ine ndi bambo wina wa butchala, uja wa ndevu. Mayi wa tomato adakana katatu, kachinayi mayi a kunyumba kwanga adangomugwira dzanja nkupita naye kwathu. Ife tidatsala ndi bambo aja. Tidawatembenuza, tidawapatsa mankhwala pa nthawi yake, tidawapukuta milomo. Cha pakati pa usiku adatsegula maso nkufunsa kuti mayi ali kuti. Tidati akagona. Adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Mwachita bwino. Musawadzutse." Adafunsanso ngati Bullets idawina, wa butchala poti ndi wa Manoma nkuyamba kutsutsana nawo monong'ona, mpaka bambo aja adamwetulira.

Kunyumba akuti mayi uja adagona kuyambira 8 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa osatembenuka. Podzuka adayamba kulira, ati wachita chinthu choipa kugona chotero mwamuna wake ali m'masautso. Adamutonthoza, adasamba, adamwa tiyi ndi chinangwa, nkubwerera kwa mwamuna wake. Lachinayi ziguduli zija tidazichotsa, pa benchi pake pali tomato, akugulitsa ndi mtsikana wa mayi wa nyemba.

Bambo aja sachira, tonse tikudziwa, iwonso akudziwa. Kope lathu silichiza khansa. Koma masiku amene atsala akhale ndi mkazi wawo amene ali ndi mphamvu zowagwira dzanja, ndipo zikadzachitika mayiyo adzapeze benchi lake lilipo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene tikuseka pa mabenchi lero, wina adzadwala, wina adzadwazika.

Kope lili pa benchi langa, pansi pa sikelo. Loweruka lino alembetsa kale awiri, koma Lachitatu la sabata yamawa likadali loyera, ndipo tsamba la ochapa lili ndi dzina limodzi lokha. A misika ina musadikire kope lathu, gulani lanu, odwazika muli nawo konko ndipo mukuwadziwa. Ine Lamulungu lino ndikupita kwa mlongo wanga. Pali mawu ena amene ndakhala nawo ngongole zaka zonsezi, ndipo Sobo sangandilankhulire.

Tionana sabata yamawa Mulungu akalola. Za ngalande zija sindinaiwale, a khonsolo musapume.